Mkute usathere kudzala

Tiyambe ndi masamu. Kapu imodzi ya ufa, yaikulu ija ya mamililita 250, imalemera magalamu pafupifupi 130, ndipo nsima yake ndi mitanda iwiri yabwinobwino. Banja likamataya mitanda iwiri tsiku lililonse, pamwezi lataya makilogalamu anayi a ufa, ndipo pachaka ufawo watsala pang'ono kudzaza thumba la makilogalamu 50. Apo sitinawerengere feteleza, ndalama yakuchigayo, madeya omwe anachoka pokonola, ngakhale makala omwe anapsa pophika. Thumba likabedwa m'nkhokwe mudzi wonse umamva, koma likamachoka mtandamtanda palibe amadandaula.

Zambiri zotsala zimachokera pa chizolowezi chathu chophika mopyola, kuopa kutchedwa oumira komanso kuti mwina kubwera mlendo. Mwambowo ndi wabwino. Cholakwika n'chakuti nsima yonse imaomoledwa m'mbale imodzi, aliyense n'kuigwiragwira ndi manja opaka msuzi. Nsima yotere siigona bwino. Choncho mukamaomola, mitanda yomwe mukuikayikira muiike m'bakuli lapadera, ndiwo nazonso zina zikhale mumphika, ndipo muzipakula ndi supuni yomwe sinalowe m'kamwa mwa munthu. Wosakhuta adzawonjezeredwa.

Chomwe chimatipusitsa ife a ku Dedza ndi kumtunda kwa Ntcheu ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julaye, ku Dedza boma, ku Bembeke kapena ku Tsangano, usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, moti nyemba zimagona mumphika n'kudzuka zili bwino. Munthu amazolowera. Ikafika Okutobala, nyemba zomwezo zophikidwa masana zimayamba thovu pofika m'mawa. Kumunsi ngati ku Golomoti, ku Mtakataka ndi kudambo la Bwanje, vutoli ndi la miyezi yambiri pachaka. Tizilombo toononga chakudya timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, makamaka chakudya chikakhala chofunda ngati thupi la munthu. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale pamtetete kupitirira maola awiri, ndipo potenthetsanso chifike madigiri 70. Kukhitchini tilibe choyezera, ndiye lamulo lake ndi ili: chibwate paliponse, osati m'mbali mokha. Kungofunditsa pamakala ozilala n'koipa kuposa kusatenthetsa n'komwe.

Amene ali ndi firiji aike zotsalazo m'mbale zosazama kuti zizizire msanga, ndipo zidyedwe masiku awiri kapena atatu asanathe. Magetsi akazima musamatsegule chitseko. Firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi. Ambiri tilibe firiji, ndiye njira ndi yobwatitsa ndiwo usiku mukatha kudya, zitavundikiridwa, kwa mphindi khumi, kenako osatsegulanso chivundikiro. Mphikawo uikidwe pansi pozizira, kutali ndi mbaula, ndipo m'mawa ubwatenso musanadye. Njirayi imakugulirani usiku umodzi basi.

Tsono nsima yogona. Chosavuta n'kuidula mapisi okhuthala ngati chala n'kuiwotcha pamakala mpaka kunja kufiire, kapena kuikazinga m'mafuta a supuni imodzi ndi kamchere. Ndi tiyi zimalowa m'malo mwa buledi. Ngati mukufuna phala la ana opita kusukulu, chotsani kachikopa kouma ka pamwamba, nyenyani mitanda iwiri m'makapu atatu a madzi ozizira, muifinye ndi manja osamba mpaka isungunuke, kenako ikani pamoto. Ikabwata thirani masupuni atatu a nsinjiro, ibwatenso mphindi khumi mukutakasa. Mukaponya mkute m'madzi otentha kale, kunja kumaterera pomwe m'kati muli gwa, ndipo mibulu yake mthiko sungaithe.

Mkute umalowanso mu nsima yatsopano. Usungunuleni chimodzimodzi m'madzi ozizira, ukhale phala loyambira, libwate mokwanira, ndiye muyambe kuthira ufa n'kumavundula monga mwa masiku onse. Mkute usapose gawo limodzi mwa magawo atatu a nsima yonse, apo ayi nsimayo imatuluka yamphumphu pamaso koma yosagwirana m'manja.

Koma ntchito yomwe mkute umaikhoza kuposa zonse ndi thobwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Pa mitanda inayi muyenera malita atatu a madzi ndi kapu imodzi ya chimera, cha mawere kapena cha chimanga. Phikani phala losalala monga tafotokozera, libwate mphindi khumi ndi zisanu, muliphule. Lisiyeni lizizire mpaka chala chizitha kukhalamo kanthawi kochepa koma mukumva kuti latentha ndithu. Pamenepo thirani chimera n'kutakasa. M'chimera muli mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mudzaona phala lolimba lija likusungunuka pamaso panu. Mukathira chimera phala likadali lobwata, mphamvuyo imafa, thobwa limakhala lolimba ndi losatsekemera, n'kumathera shuga wogula. Mukathira litazizira kwambiri, limasasa lisanatsekemere. Vundikirani, ligone, m'mawa mulibwatitsenso, lizizire, mumwe. Mu Juni kumtunda kuno lingafune maola ochulukirapo, choncho chidebecho chifundeni nsalu kapena chigone kukhitchini. Nyengo yotentha limweni m'masiku awiri. Likapitirira apo layamba ulendo wopita ku mowa, ndipo ana asalipatsidwe. Nsima yomwe inakhudzana ndi msuzi wa nyama kapena nsomba isalowe mu thobwa; fungo lake silibisika.

Nkhoko za mumphika musazikolopere kudzala. Thiranimo madzi pang'ono zifewe. Ana amazikonda, ndipo zikakanika apo nkhuku zilipo.

Nyemba ndiye zimapweteka mtima zikasasa, chifukwa zadya makala ambiri. Mukaphika za masiku awiri, phikani ndi madzi ndi mchere basi, kenako muzitapa zokwanira chakudya chimodzi n'kuzikazinga ndi anyezi ndi tomato. Zotsala mumphika waukulu zizibwata madzulo ndi m'mawa. Zokazingakazinga zikatsala, zipondeni ndi mthiko pamoto zikhale ngati chipere, muzidyera mbatata kapena kupaka pabuledi. Ndiwo zotendera, kaya nkhwani kaya chisoso, ndi zomwe zimasasa msanga kuposa zonse, moti ndi bwino kutendera zochepa zoti zithe lero lomwe.

Kachewere ndi chuma chathu, ndipo amene amagula pa Lizulu kapena pa Tsangano amadziwa kuti chidebe chimatchipa kuposa mulu. Phindu lakelo limatha ngati theka la chidebe likaolera m'nyumba. Khuthulani m'thumba la pulasitiki tsiku lomwelo, patulani wotemeka ndi khasu kuti adyedwe poyamba, wotsalayo akhale pamalo amdima podutsa mphepo, osatsuka. Kuwala ndi komwe kumam'biriwitsa, ndipo pobiriwirapo ndi m'mphukira mumakhala poizoni wotchedwa solanine, yemwe satha ndi kuphika. Pakabiriwira pang'ono sendani mozama. Akabiriwira kwambiri kapena akamawawa pakamwa, tayani.

Kachewere wophikaphika akatsala, tengani anayi apakatikati, muwaponde atazizira, muthiremo dzira limodzi, theka la anyezi wodula bwino, masupuni awiri a ufa wa tirigu ndi mchere. Umbani timikate tophwatalala n'kukazinga mphindi zitatu mbali iliyonse. Tikamaphwasuka m'chiwaya ndiye kuti kachewereyo anali ndi madzi ambiri kapena mafuta anali asanatenthe. Onjezani supuni ya ufa, ndipo musatembenuze pansi pasanafiire. Tinyama totsala, tiusipa kapena kabichi wokazinga zimalowa momwemo, moti ndiwo zosakwana munthu mmodzi zimadyetsa anayi.

Mpunga ndi wosiyana ndi zonsezi, ndipo muusamale. Mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, tomwe mbewu zake sizifa pophika. Mpunga ukakhala wofunda mumphika usiku wonse timadzuka, n'kutulutsa poizoni yemwe kutenthetsa sikumuchotsa, ndipo munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa atadya. Choopsa n'chakuti mpungawo sununkha. Ukatsala uyaleni m'mbale yotakata uzizire msanga, ulowe m'firiji, udyedwe mawa lake utatenthetsedwa kamodzi kokha. Popanda firiji, makamaka nyengo yotentha, phikani wokwanira basi. Mpunga wobwera nawo kuchokera ku ukwati kapena kuchinkhoswe, womwe waphikidwa m'mamawa n'kukhala m'mapoto tsiku lonse, usagone.

Masamba akayamba kufota asadikire kuola. Agogo athu anatisiyira mfutso: khwanya, chitambe, nkhwani, chisoso. Sadzulani, tsukani, muwaviike m'madzi obwata a mchere pang'ono kwa mphindi zitatu, akhetseni madzi, muwayanike mopyapyala pamphasa yoyera. Pamthunzi podutsa mphepo amasunga mtundu wake ndi mavitamini kuposa padzuwa lamphamvu. Auma akamaphwanyika m'manja. Vuto la kuno ndi nkhungu ndi mvula yowaza ya m'chisanu: masamba akatenga masiku ambiri ali a chinyezi amachita chuku, choncho futsani tsiku lomwe kwacha bwino, ndipo madzulo mulowetse. Chikwatu chopachika kudenga la khitchini chikugwirabe ntchito yake. Botolo louma lotseka bwino nalonso limatha.

Tomato akatchipa n'kupsa onse pakamodzi, dulani ofewawo muwaphike ndi mchere mpaka madzi atsike theka. Amenewo ndi okazingira lero ndi mawa. Olimba adulidwe mopyapyala, awazidwe mchere, ayanikidwe pathandala atafundidwa kansalu kopyapyala koletsa ntchentche. Kabichi muzidula mbali imodzi, tsinde lake likhale, masamba akunja aja akhale chovundikira.

Nthochi zakuda khungu ndiye zabwino pa zitumbuwa. Pondani zitatu, thiranimo kapu imodzi ya mgaiwa, kamchere ndi kasoda ka kunsonga ya supuni yaing'ono, musathire madzi. Soda akachuluka zimawawa ndipo zimada. Moto ukhale wapakati, chifukwa shuga wa nthochi amapserera kunja m'kati musanapse. Buledi wouma muviikeni m'dzira losakaniza ndi mkaka pang'ono n'kukazinga.

Pali zina zomwe sizipulumutsidwa, ndipo kuzikakamira kumadya ndalama zambiri kuposa zomwe mumafuna kusunga, chifukwa mankhwala ndi ulendo wakuchipatala si zaulere. Nyemba zochita thovu, nsima yonanda yomwe ikukoka ulusi mukainyema, nyama kapena nsomba yoterera, zonsezi musazilawe n'komwe, ndipo soda kapena tsabola sizikonza kanthu. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala apatsidwe chophikidwa kumene. Mkute udyedwe ndi akuluakulu ndi ana okulirapo athanzi. Nsinjiro, mtedza kapena ufa wochita chuku zisapite ngakhale kwa nkhuku ndi nkhumba, popeza poizoni wa chuku, aflatoxin, amaononga chiwindi cha chiweto monga amachitira ndi cha munthu, ndipo kuphika sikumuthetsa. Makoko a kachewere, masamba oola ndi zigoba za mazira zipite kudzenje la manyowa, muzithira dothi kapena phulusa pamwamba kuti agalu ndi makoswe asafukule, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mudzatapa zothira kudimba.