Zimene makina a MRI a ku Gulupu anaona mu ubongo wa ana athu

Kusukulu ya ukachenjede ku Chirunga kuno, ntchito ya munthu wochita kafukufuku amaiyeza powerenga kuti ndi anzake angati amene atchula zolemba zake. Muyeso umenewu ndi wothandiza, koma ntchito ya Dokotala Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi anzake ku Blantyre ine ndimailemekeza pa chifukwa china, chakuti inayankha funso limene linkasautsa madokotala a ana kwa zaka zambiri: kodi mwana wodwala malungo a mu ubongo amafa ndi chiyani kwenikweni, pamene mankhwala opha tizilombo walandira kale?

Mayi Taylor anayamba kafukufuku wa malungo m'Malawi mu 1986 pamodzi ndi Pulofesa Malcolm Molyneux. Kuyeza matupi a ana omwalira kunawaphunzitsa zambiri. Mu 2004 iwo ndi anzawo anafalitsa kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena, ndipo chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa chinali zizindikiro za mkati mwa diso, zimene dokotala angazione ndi kachipangizo ka m'manja. Komabe thupi la womwalira silionetsa zimene zinkachitika mwanayo akadali kupuma.

Zinthu zinasintha mu 2008 pamene chipatala cha Gulupu chinalandira makina a MRI, oyamba m'dziko muno, kuchokera ku kampani ya General Electric. Makinawa amajambula mkati mwa mutu pogwiritsa ntchito maginito, ndipo a ku Gulupu anali a mphamvu yochepa poyerekeza ndi a m'zipatala za ku Ulaya, koma anakwanira ntchitoyo. Zotsatira zinatuluka mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine, Dokotala Karl Seydel ali wolemba woyamba. Mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 okha ndiwo anali ndi kutupa kotere. Chigaza sichitanuka, choncho ubongo ukatupa umasowa kolowera, umakankhira pansi n'kupanikiza gawo limene limayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma mtima ukadagunda. Kwa ana opulumuka, kutupako kunkaphwa pakapita masiku, ndiye chifukwa chake ofufuzawo anayamba kuyesa ngati kuthandiza mwana kupuma ndi makina pa nthawi yoopsayo kungamupulumutse.

Dzina limene ndimafuna kuti Amalawi alidziwe ndi la Dokotala Sam Kampondeni, katswiri wathu wowerenga zithunzi za mkati mwa thupi, amene anali mmodzi mwa olemba a kafukufukuyu. Chithunzi sichinena kanthu popanda diso lophunzira, ndipo maso otere kwathu kuno ndi owerengeka.

Makina amene anabwera chifukwa cha malungo anathandizanso odwala ena, kuphatikizapo a zotupa za mu ubongo. Kujambula ubongo ndi makina a CT, amene amaonetsa mkati mwa thupi pogwiritsa ntchito ekisire ndi kompyuta, kunayambira pa nkhani ya zotupa yomweyi, chifukwa sikani yoyamba ya CT pa wodwala, imene inachitika ku London mu 1971 ndi makina a Godfrey Hounsfield, inali ya mayi amene madokotala ankamuganizira chotupa m'mutu. Kuno ku Zomba nkhaniyi ndi yolemera mwanjira ina. Chotupa chikamera kutsogolo kwa ubongo chimatha kusintha khalidwe la munthu, ndipo achibale akaona bambo wofatsa wayamba kuyankhula zosalongosoka, amaganiza za misala kapena za kulodzedwa. Munthu wamkulu amene wayamba kugwa khunyu koyamba, kapena amene mutu ukumupweteka kwambiri m'mawa limodzi ndi kusanza ndi kusaona bwino, amayenera kuonedwa ndi dokotala msanga, kuti ngati kukufunika atumizidwe ku Blantyre kukajambulidwa, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo monga Dokotala Patrick Kamalo.