Zomwe ndaphunzira pa nkhani yolanda boma ku Burkina Faso

Teremu ino, pa phunziro la mbiri ya Africa, ndinasankha kufufuza za Burkina Faso, dziko lopanda doko la kunyanja lomwe linalandira ufulu wodzilamulira kuchokera ku France mu 1960, pamene linkatchedwa Upper Volta. Mayina a asilikali amene analandapo boma kumeneko ndi osavuta kuloweza, koma chomwe chandipatsa chidwi kwambiri n'chakuti nthawi zambiri asilikaliwo ankatulukira boma litagwedezedwa kale ndi anthu wamba m'misewu ya Ouagadougou, likulu la dzikoli.

Zinayamba ndi pulezidenti woyamba, Maurice Yaméogo, yemwe anadula malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi 20 peresenti chuma chitavuta. Mabungwe a anthu apantchito anaitanitsa sitalaka, ndipo pa 3 Januwale 1966 khwimbi la anthu linadzaza mumzindawo likufuula kuti asilikali atenge ulamuliro. Sangoulé Lamizana anautengadi, n'kuugwira zaka 14, mpaka pamene sitalaka ina, ya aphunzitsi, inatsegulira njira Saye Zerbo mu 1980. Zerbo sanakhalitse, ndipo Jean-Baptiste Ouédraogo, yemwe analowa m'malo mwake mu 1982, anagwetsedwa chaka chotsatira pamene asilikali ochokera ku tauni ya Pô anaika pampando Thomas Sankara, msilikali yemwe anali nduna yaikulu, amene achinyamata anachitira zionetsero atatsekeredwa ndi boma la Ouédraogo.

Imfa ya Sankara pa 15 Okutobala 1987 ndi yosiyana ndi zonsezi, chifukwa panalibe gulu la anthu lomwe linaipempha. Anawomberedwa pamodzi ndi anzake 12, ndipo mnzake wapamtima, Blaise Compaoré, analamulira zaka 27. Compaoré atafuna kusintha gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko kuti aimenso pachisankho, anthu anatentha Nyumba ya Malamulo pa 30 Okutobala 2014, ndipo mawa lake anatula pansi udindo n'kuthawira ku Côte d'Ivoire.

Chaka cha 2015 ndicho ndakhalapo nthawi yaitali ndikuchilingalira. Gilbert Diendéré ndi asilikali omwe ankateteza Compaoré atalanda boma mu Seputembala, achinyamata anatseka misewu, mabungwe ananyanyala ntchito, magulu ena a asilikali analowera kulikulu kukawaletsa, ndipo chiwembucho chinatha patangodutsa sabata imodzi. Ine ndikuona kuti apa m'pamene pakuonekera poyera kuti asilikali a dzikoli amayamba ayesa kaye mtima wa anthu asanakhazikike pampando.

Roch Marc Christian Kaboré anapambana chisankho chaka chomwecho, koma anakumana ndi zigawenga zimene zinkalowa kuchokera kumalire a Mali. Mu Novembala 2021 anthu opitirira 50, ambiri mwa iwo achitetezo, anaphedwa ndi zigawenga ku Inata, kumpoto kwa dzikoli, ndipo mkwiyo unakula zitamveka kuti achitetezowo anali atasowa chakudya kwa masiku ambiri. Choncho Paul-Henri Damiba atalanda boma mu Januwale 2022, komanso Ibrahim Traoré atamugwetsa pa 30 Seputembala chaka chomwecho, anthu ambiri anatuluka kukasangalala. Chondidetsa nkhawa n'chakuti osangalalawo sanapangane ndi asilikaliwo za tsiku lochoka: chisankho chomwe chinalonjezedwa kuti chidzachitika mu 2024 sichinachitike, ndipo mu Meyi chaka chimenecho ulamuliro wa Traoré unawonjezeredwa zaka zina zisanu.