Zimene Osewera Poker Ambiri Amaganiza Molakwika

Ambiri amene amasewera Texas Hold'em, poker imene aliyense amalandira makhadi awiri ndipo ena asanu amaikidwa patebulo kuti onse agwiritse ntchito, amati katswiri ndi amene amadziwa kunamiza anzake, kuja amati bluff. Ayi ndithu. Patebulo la ndalama zochepa anthu sakonda kutaya makhadi awo, ndiye mukamayesa kuopseza munthu wosataya, mukungomugawira ndalama zanu.

Chimene chimadya anthu kwambiri ndi kusawerengera. Tiyerekeze muli ndi makhadi anayi a mtundu umodzi, mukudikira lachisanu kuti mupange flush, ndipo latsala khadi limodzi lokha, la river. Mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13, choncho okuthandizani ndi 9 mwa 46 amene simunawaone. Mwayi wanu ndi pafupifupi 20 peresenti, kamodzi pa maulendo asanu. Tsono pakati pali 100, mnzanu waponya 50. Mukaikapo 50 yanu, mukulimbirana 200, kutanthauza kuti muyenera kupambana kamodzi pa maulendo anayi, 25 peresenti, kuti musaluze. 20 safika pa 25. Tayani basi, pokhapokha ngati mukudziwa kuti flush ikabwera mnzanuyo adzalipirabe zambiri.

Ma ace awiri nawonso amapusitsa. Polimbana ndi munthu mmodzi wa makhadi aliwonse, amapambana pafupifupi 85 peresenti. Mukalola anthu anayi kulowa motchipa, mwayiwo umangoposa theka pang'ono. Kwezani mtengo flop, makhadi atatu oyamba a patebulo, isanabwere.

Nanga zija zoti "ndaluza kasanu, tsopano yanga yakwana"? Makhadi amasakanizidwa mwatsopano ulendo uliwonse, ndipo mwayi wa flush ija umakhalabe 9 mwa 46.