Kung'ambika pochira: mmene ndinasokedwera mpaka bala kupola

Amayi anzanga tiyeni tikambeko nkhani yomwe kusikelo amangoidutsa mothamanga, ija yong'ambika kumusiku pochira. Ine zinandichitikira pa mwana oyamba, ndipo mimba yonse ija anthu amangondiopseza za kupweteka kwa matenda ndi za opaleshoni basi, zoti kuli kusokedwa palibe anatchulapo.

Mwana atabadwa nsengwa nkutuluka, ine ndimati basi zatha ndigoneko. Anesi anakokera nyali pafupi nkunena kuti "Mayi musatseke kaye miyendo, tione ngati simunavulale." Anapukuta magazi, kuyang'ana, kenako anandipempha kuti alowetse chala kumbuyo kotulukira chimbudzi. Manyazi ake eeh. Koma pano ndimauza aliyense kuti akapanda kukupangani zimenezo mufunse, chifukwa bala kunja limatha kuoneka laling'ono pomwe mkati mnofu ogwira chimbudzi waduka, ndipo ndi chalacho chomwe amadziwira.

Akusokeni mutadziwa kuti mwang'ambika mpaka pati. Magulu ake alipo anayi, eni ake amati first degree mpaka fourth degree. Loyamba ndi khungu lokha, nthawi zina sasoka nkomwe. Lachiwiri ndi khungu ndi minofu ya pakati pa njira ya mwana ndi kumbuyo, langa linali limeneli. Lachitatu lafika pa mnofu otseka chimbudzi uja, lachinayi labooleza mpaka mkati mwa njira ya chimbudziyo, ndipo awiri omalizawa si osokera pa bedi la ku leba mwachangu ayi, amafuna ku fiyeta, munthu ozidziwa bwino, dzanzi lokwanira, pambuyo pake ma antibayotiki ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Ngati muli pa chipatala chaching'ono akutumizeni kwakukulu. Palinso kudula dala kuja kowonjezera njira, episiotomy, a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2018 ananena kuti asamangodula aliyense mwachizolowezi, kuzikhala chifukwa chenicheni.

Kusokako anayamba ndi jakisoni wa dzanzi, lignocaine, amaluma pobaya kenako pamazizira. Umamva kukoka kwa ulusi koma osati kulasa. Chakumapeto ndinayamba kumva singano yeniyeni ndiye ndinakuwa kuti "Anesi ndikumva kubaya!" anaima nkuwonjezera mankhwala. Osalimba mtima ndi ululu ngati pali mphoto. Ulusi wake umasungunuka okha pakapita masabata angapo, simubwerera kukachotsetsa. Ndinawapemphanso kuti alembe mu buku langa lakuchipatala kuti linali gulu liti, analembadi.

Mkodzo oyamba unawawa ngati wina wathira tsabola pabalapo. Gadiyani wa bedi loyandikana nalo ndi amene anandipatsa nzeru yotenga botolo la madzi oyera nkumathira pabalapo uku ukukodza, zinathandiza kwambiri. Chimbudzi ndiye ndimachiopa kuti ulusi uduka, moti ndimafuna kusiya kudya nsima, anesi anandiseka nkunena kuti kudziletsako ndi kumene kumaumitsa m'mimba. Madzi ambiri, mapapaya, masamba, ndipo ukakhala pachimbudzi umagwirizira pad oyera pamene asokapo osatchima mwamphamvu. Mapilisi owonjezera magazi aja nawo amatha kuumitsa chimbudzi, musasiye kumwa koma madzi achuluke.

Nkhondo inali kunyumba. Apongozi anga, anthu abwino ndithu, m'mawa oyamba anabwera ndi beseni likufuka nthunzi, athiramo mchere odzadza dzanja, pambali atanyamula timasamba tina toti tiziika pabala kuti "pabwerere msanga." Ndinaviika chigongono m'madzimo nkuchichotsa msanga, ndinati "Amayi, awa andisupula, tiwazizitseko." Anadandaula kuti iwo ana awo onse anachira ndi madzi otero, koma tinamvana kuti madzi azikhala ofunda ngati osambitsira mwana, beseni likhale langa ndekha lotsuka ndi sopo osati lochapira matewera, mchere pang'ono pokha mmene anandiuzira kuchipatala, masamba ayi. Chofunika kwenikweni ndi ukhondo osati mcherewo. Ukatuluka umaumitsa pogunditsa kansalu koyera osakhula, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo pad kusintha pafupipafupi. Amene mumagwiritsa ntchito nsalu zichapeni muziyanika padzuwa, zija zobisa kuseri kwa chitseko kuti anthu asaone zimangosunga chinyontho. Poyamwitsa ndimagona chammbali chifukwa kukhala pampando kunali kosatheka, panado ndi brufen ndimamwa mmene anandilembera, sizivuta kwa mayi oyamwitsa.

Patatha sabata timabwerera kuchipatala paja. Anayeza mwana pasikelo, kuona mchombo, kufunsa ngati akuyamwa, basi nkuitana wina. Ine ndinaima pomwepo ndi mzere onse ukundiyang'ana nkunena chapansipansi kuti ndinasokedwa ndipo mbali ina ikulasa, andioneko. Mwayi ndinalankhula, anapeza kuti kansonga kamodzi katseguka ndipo payamba kufiira, anatsuka nkundipatsa mankhwala, sanasokenso, panadzaza pokha. Mzere uja unali ndi amayi ambiri oyenda motang'adza ngati ine koma onse amangopereka mwana nkumapita. Aliyense maso amakhala pa khanda, iwe ukapanda kutsegula pakamwa bala lako palibe alione. Ndipo musadikire tsiku lomwe anakulemberani ngati pakutuluka mafinya kapena fungo loipa, patupa, ululu ukunkira m'tsogolo m'malo mochepa, thupi likutentha kapena bala latseguka. Chinanso chomwe amayi amabisa zaka ndi zaka ndi mpweya kapena chimbudzi kumangotuluka osachimva, kaya kutulukira njira ya mwana. Zimenezo si ufiti kapena kuti basi ndi mmene uchembere umakhalira, zimakonzeka, ku Lilongwe kuli Fistula Care Centre pa Bwaila komwe amathandiza mavuto otayikira mkodzo ndi chimbudzi atabereka, chipatala chanu chikhoza kukulemberani kalata.

Za kuchipinda akuluakulu anayamba kufunsa za kutenga mwana ine ndisanakonzeke. Ndinauza bambo akunyumba kuti tidikire andione kaye kuchipatala pa ulendo wa masabata 6 uja, ndipo ngakhale atanena kuti papola ndinadikirabe mpaka mantha atachepa, kulera ndinayambiratu komweko. Anandiphunzitsanso kumanga minofu ya kumusi ngati ukuletsa mpweya kutuluka, kugwira pang'ono nkusiya, kangapo patsiku, ndimapanga uku ndikuyamwitsa.

Buku lija ndinalisunga, pa mimba yachiwiri ndinaonetsa tsamba lomwe analemba lija kusikelo koyamba komwe. Ku leba mzamba anandiika kansalu kofunda kumusi mutu ukuyandikira nkumandiuza kuti "Mayi siyani kukankha, pumirani m'kamwa," kuti mutu utuluke pang'onopang'ono. Ndinang'ambikabe koma khungu lokha.