Chinyezi ndi chimene chandisintha maganizo

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga za heat pump (makina osamutsa kutentha kuchoka pamalo ena kupita pena) yotenga kutentha m'nthaka, makamaka momwe ingaziziritsire nyumba nyengo yotentha. Njira zilipo ziwiri, ndipo poyamba ndinkaona ngati yankho n'lodziwikiratu.

Pa njira yomwe amati passive cooling, kompuresa, injini yopanikiza mpweya ngati ya mufiriji, imakhala yozimitsa. Timapampu toyendetsa madzi ndi tomwe timagwira ntchito basi. Madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana amazungulira m'mapaipi okwiriridwa m'nthaka, n'kubwerako atazizira. Akafika pa heat exchanger, chipangizo chomwe madzi a mbali ziwiri amapatsirana kutentha osasakanikirana, amalanda kutentha kwa madzi ena oyenda m'mapaipi a mu simenti ya pansi m'nyumba. Izi zimatheka chifukwa ukatsika mamita 10 kapena kupitirira, kutentha kwa nthaka sikusinthasintha. Chaka chonse kumakhala pafupi ndi avereji ya kutentha kwa mpweya wa deralo. Magetsi ake ndi ochepa zedi. Pa active cooling kompuresa imayaka, valavu imatembenuza kayendedwe ka refrigerant (mpweya wonyamula kutentha m'makinamo), makinawo n'kumagwira ngati firiji: kuchotsa kutentha m'nyumba n'kukakutaya m'nthaka. Magetsi amapita ambiri.

Ndiye ndinalemba m'kope mwanga kuti passive ndiyo yabwino, nkhani yatha.

Koma nditafika pa mutu wa dew point, mlingo wa kuzizira pomwe chinyezi cha mumpweya chimayamba kusanduka mame, ndinayamba kukayika. Ndinathira madzi ozizira m'tambula n'kuiika patebulo. Pasanathe mphindi zochepa kunja kwake kunali mame okhaokha, madontho akutsetsereka mpaka kunyowetsa pepala lomwe linali pansi pake. Simenti ya m'nyumba ingachitenso chimodzimodzi. Mpweya wa madigiri 26 wokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti umayamba kusiya mame pa chinthu chilichonse chozizira kufika pafupifupi madigiri 18. Chinyezi chikakwera kufika 70 peresenti, malirewo amakwera kufika pa 20. Choncho pansi sungapaziziritse mmene ukufunira. Pakangodutsa malirewo pamanyowa, pamaterera, nkhungu n'kuyamba. N'chifukwa chake pamaikidwa sensa yokweza kutentha kwa madzi chinyezi chikachuluka. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti tsiku lomwe thupi likumata ndi thukuta, pomwe ukufunitsitsa kuzizira, ndi lomwe makinawo amachepetsa mphamvu. Kutentha amatsitsa ndi madigiri ochepa chabe, chinyezi osachikhudza n'komwe.

Apa ndi pomwe ndinaonera phindu la active. Imatha kutulutsa madzi ozizira mpaka madigiri 7, omwe akadutsa mu fan coil (bokosi la mapaipi lokhala ndi fani yopemerera mpweya wa m'chipinda) mame amagwera m'kathireyi n'kutuluka ndi paipi, mpweya wa m'chipinda n'kuuma. Koma ukailumikiza ku mapaipi a mu simenti okha, malire a mame aja amakugwirabe ngakhale kompuresa ikulira. Ichi sindinkachidziwa.

Nthakanso ili ndi mbali yake. Mapaipi ogonekedwa mita imodzi kapena awiri pansi amafunda dzuwa likamawomba miyezi ingapo, pomwe a m'dzenje lobooledwa mozama amakhalabe ozizira. Kudera komwe avereji ya chaka ndi madigiri 25, nthaka nayo ndi yofunda choncho, passive ilibe potengera kuzizira. Kumadera a chisanu kuli phindu lina: kutentha kotayidwa m'dzenje kumabwezeretsako komwe kunatengedwa potenthetsa nyumba.

Ndafufuta zomwe ndinalemba zija. Tsopano ndapachika hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, pakhoma, ndipo ndikulemba manambala ake m'mawa ndi masana kuti ndiziwerengera ndekha dew point ya tsiku lililonse.