Sabata yachisanu ndi chimodzi: ndafika pa 8-3, a nyundo anditsekera njira

Loweruka usiku ndinadutsa gawo la 8-2 la gemu ya Mario koyamba. Ndinali nditafunda bulangete mpaka m'khosi, chifukwa Juni wa kuno ku Dedza amaumitsa zala, ndipo batani lolumphira ndinkachita kulidina ndi mphamvu. Kwa amene mwangoyamba kuwerenga zolemba zangazi: ndinadziikira ntchito yomaliza Super Mario Bros. ya 1985, magawo onse 32 (maiko asanu ndi atatu, lililonse la magawo anayi, kuyambira 1-1 mpaka 8-4), popanda kulowa m'mapaipi achidule aja a pa 1-2 ndi 4-2. Ndikusewera pa kamakina kotengera Famicom, makina akale a magemu a Nintendo, kamene ndinagula mumsika, ndi kaseti yachikasu yolembedwa 9999 in 1, ija mukaitsegula mumapeza magemu omweomwewo akungobwerezedwa.

Gawo la 8-1 linandidyera masabata awiri. Ndi lalitali, nthawi amakupatsa 300 yokha, ndipo maenje ake amafuna uthamange osakayika. Ukangoti ndiime ndione kaye, wagwa. Pa 8-2 chimene chinkandipha ndi dzenje lalikulu lija lofunika kulilumpha uli pa liwiro, pomwe malo oyambira kuthamanga ndi ochepa. Tsopano ndili pa 8-3, pamene akamba oponya nyundo aja, ma Hammer Bro, amaima panjira. Sindinafikebe pa mbendera ya kumapeto kwa gawoli.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndikukhala naye chifukwa cha sukulu, amasewera eFootball pa foni. Tinapangana kuti Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi tizisinthana: iye ola limodzi pa Mario, ine ola limodzi pa mpira wake. Tsiku loyamba miyoyo yake itatu inathera pa 1-2.

"Amalume, ndiye ndiyambira pati?"

"Poyamba penipeni, pa 1-1."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamuonetsa chinsinsi chimene tinkauzana tili ana: ukagwira batani la A n'kudina la Start, umayambira pachiyambi pa dziko limene unafera. Inenso ndikuchigwiritsa ntchito, ndipo sindikuchiyesa kubera. Koma magetsi akazima kapena ukazimitsa makina, zonse zapita. Apa gemu yakale ndikuipeza yolakwa ndithu. Munthu wochoka kuntchito madzulo alibe ola loti ayambenso ku 1-1 kuti angokafika pamene analekera dzulo. Lachitatu magetsi anazima ndili pakati pa 8-2, ndipo zinandiwawa mumtima. Gemu ya mnyamatayu imasunga chilichonse yokha.

Mpira wakewo ndi wokongola, sindingakane. Ine ndinakulira pa PES 6 ya 2006, pa PlayStation 2 ya m'kanyumba kolipira pa gemu iliyonse, tikuyamba Master League, mpikisano womanga timu yako, ndi osewera ongopeka aja, Castolo ndi Minanda. Ndi banja lomwelo la Konami, anangosintha dzina mu 2021. Lero nkhope za osewera zimazindikirika, udzu ukuoneka ngati weniweni, ndipo mwana ali pakhonde kuno ku Dedza akumenyana ndi munthu amene ali kutsidya kwa nyanja. Ife zimenezo sitinkazilota n'komwe. Mtengo wake ndi bandulo. Lamlungu lapitali theka la ola langa linathera kudikira update, ndipo netiweki ikafooka umadina batani mpira n'kuchoka kumwendo mochedwa. Mario yonse, nyimbo zake ndi maiko ake asanu ndi atatu, ndi makilobayiti 40 okha. Chithunzi chimodzi chojambula pa foni chimaiposa kutali.

Koma chimene chakhala chikundizungulira m'mutu sabata ino si kukongola kapena bandulo. Masabata anayi oyamba ndinkangogonja pa eFootball. Sabata yachisanu mnyamata uja anapeza khadi la wosewera wakutsogolo wothamanga kwambiri, n'kumuika m'timu, ndipo ndinapambana magemu awiri motsatizana. Ndinasangalala, komabe usiku ndinadzifunsa: wapambana ndi ine kapena khadi lija? Mpaka pano yankho ndilibe.

Pa Mario funso limeneli silibwera. Mario wa pa 8-3 ndi yemweyo wa pa 1-1. Amalumpha chimodzimodzi, amathamanga chimodzimodzi, bowa ndi duwa la moto ndi zomwe zija, ndipo ukagundidwa kamodzi zimakuchokera. Palibe chogula, palibe choti wina akuikire m'timu. Ngati dzenje limene linandimeza masiku asanu ndalilumpha Loweruka, chimene chasintha ndi zala zanga ndi maso anga basi. N'chifukwa chake ndinakuwa usiku uja mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Chimwemwe chotere mpira wa pa foni sunandipatsebe.

Ndikuziona mwa mwanayunso. Poyamba ankalumpha ndi thupi lonse, padi ikupita m'mwamba. Tsopano amakhala phee, amadziwa kuti akagwira B kulumpha kumatalika, ndipo wafika pa 3-1 payekha, pamene wakumana ndi a nyundo ake oyamba. Atafa anati, "Amalume, musandiuze, ndawaona mmene akudumphira." Sindinamuuze.

Za sabata ikubwerayi: ndikufuna kufika pa 8-3 ndili ndi duwa la moto, chifukwa ndi moto akamba aja amagwa ndi chipolopolo chimodzi. Ndiye kuti 8-1 ndi 8-2 ndizidutse osagundidwa, kapena nditenge bowa ndi duwa m'njerwa za pa 8-3 pomwepo. Mnyamata wapemphanso kuti Lamlungu tiyese Contra, gemu yakale yowomberana, anthu awiri, poti wamva kuti pali mabatani opatsa miyoyo 30 m'malo mwa itatu. Padi yachiwiri waya wake waduka pafupi ndi pulagi, choncho mawa ndikaisiya kwa wokonza mawailesi kumsika.