Pulofesa wa ku Halle amene analakwitsa poweruza mlandu wa ufiti

Temu ino tinauzidwa kuti aliyense alembe za munthu mmodzi amene anasintha kaphunzitsidwe ka malamulo ku Ulaya. Anzanga anathamangira mayina otchuka. Ine ndinatenga Christian Thomasius, chifukwa ndinamva kuti ankaphunzitsa m'Chijeremani pa nthawi imene chiyankhulo cha pa yunivesite chinali Chilatini. Kwa ine, amene Chichewa ndinachisiya pakhomo la kalasi ndili Sitandade 5, nkhani imeneyi inali nyambo yokwanira.

Thomasius anabadwira ku Leipzig, ku Germany, pa 1 Januwale 1655. Bambo ake, Jakob Thomasius, anali pulofesa pa yunivesite ya kumeneko, ndipo mmodzi mwa ophunzira awo anali Leibniz, katswiri wa masamu ndi filosofi. Ndiye kuti mwanayu anakulira m'nyumba ya mabuku ndi Chilatini, sanali wongobwera. Malamulo anakaphunzira ku Frankfurt an der Oder, komwe analandira digiri ya udokotala mu 1679, n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa maganizo a Grotius ndi Pufendorf, akatswiri otchuka a malamulo.

Mu 1687 anapachika chidziwitso pa bolodi la yunivesite, cholembedwa m'Chijeremani, choitanira ophunzira ku maphunziro a momwe Ajeremani angatengere nzeru kwa Afalansa. Sikuti anali woyamba, poti dokotala wina, Paracelsus, anaphunzitsapo m'Chijeremani ku Basel cha m'ma 1527, koma ku Leipzig akuluakulu anaona ngati chipongwe. Chaka chotsatira anayambitsa magazini ya mwezi ndi mwezi, nayonso ya Chijeremani, momwe ankanyogodola maprofesa anzake. Anaikira kumbuyo August Hermann Francke, mphunzitsi wa za Mulungu yemwe abusa achikale a Lutheran ankamuda, n'kukangananso ndi Masius, mlaliki wa kunyumba ya mfumu ya Denmark, pa zoti ufumu umachokera kwa Mulungu mwachindunji. Pofika 1690 anali ataletsedwa kuphunzitsa ndi kusindikiza. Anathawira ku Berlin, ndipo Friedrich III, wolamulira Brandenburg, anamupatsa malo ku Halle, komwe yunivesite inatsegulidwa mu 1694.

Ndikanalekera pomwepa, pepala langa likanatha msanga. Koma chaka cha 1694 chomwecho chili ndi nkhani ina imene yandisowetsa tulo.

Masiku amenewo makhoti ang'onoang'ono akakumana ndi mlandu wovuta ankatumiza mafayilo kwa aphunzitsi a malamulo a pa yunivesite kuti apereke chigamulo. Choncho pulofesa sankangoima m'kalasi. Cholembera chake chinkatha kumanga kapena kumasula munthu amene sanamuonepo nkhope. Ku Halle kunafika fayilo ya mayi wina woganiziridwa ufiti. Thomasius anaiwerenga, anayang'ana zimene analemba Benedikt Carpzov, katswiri wa kwawo ku Leipzig amene oweruza ankamudalira, n'kunena kuti mayiyo azunzidwe kuti aulule. Anzake, motsogozedwa ndi Samuel Stryk, mkulu wa aphunzitsi a malamulo, anakana. Taganizani: munthu amene anathamangitsidwa kwawo chifukwa chosagonjera akuluakulu, apa anangomeza za m'buku osatafuna, ndipo omuwongolawo anali aja ooneka achikale.

Mbali imeneyi ndinaiwerenga katatu. Chinandigwira mtima n'choti nkhaniyi anadzaifotokoza yekha m'zolemba zake, osaibisa. Ndipo sanangochita manyazi n'kukhala chete. Anabwerera ku mabuku kukafufuza komwe mlandu wa ufiti unachokera, ndipo mu 1701 kunatuluka pepala lake lotchedwa De crimine magiae, kutanthauza "Za mlandu wa ufiti".

Mfundo yake ndinavutika kuigwira, chifukwa ndinkayembekezera kuti anena kuti Satana kulibe. Ayi ndithu, ankakhulupirira kuti aliko. Chimene anatsutsa n'chija makhoti ankaimba nacho anthu mlandu, choti mfiti yachita pangano ndi Satana maso ndi maso. Iye anati Satana ndi mzimu, alibe thupi, ndiye sangaonekere kwa munthu n'kupangana naye kapena kugona naye. Ngati panganolo silingachitike, khoti likulanga chiyani? Wopha mnzake ndi poizoni aimbidwe mlandu wakupha, pakhale umboni. Koma zimene munthu waulula ali pa ululu si umboni, poti amangobwereza zomwe womufunsayo akufuna kumva. Mu 1705 wophunzira wake anateteza pepala lotsutsa kuzunza anthu m'makhoti a Akhristu, Thomasius ali wapampando. Mu 1714 mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm I, yomwe inkalamuliranso Halle, inalamula kuti zigamulo za milandu ya ufiti ziziyamba zafika kwa iyo.

Apa ndinaleka kulemba kaye. Kwathu kuno timamvabe za agogo othamangitsidwa m'mudzi, ena kuphedwa kumene, mwana akadwala kapena mphenzi ikagwa, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. M'kalasi tikafika pa nkhaniyi timangokangana zoti ufiti ulipo kapena kulibe, mpaka nthawi kutha. Thomasius funso limenelo analilambalala, n'kufunsa lina: khoti lingatsimikize chiyani? Ndikuona kuti njira yakeyo ikanatithandiza kuyankhulana ndi anthu amene sangasiye chikhulupiriro chawo lero kapena mawa.

Ndisamukometse kwambiri. Anali wokonda mikangano, ndipo ngakhale Francke amene anamuikira kumbuyo uja anadzasemphana naye ku Halle. Komabe mu 1709 a ku Leipzig anamuitana kuti abwerere, iye n'kukana. Mu 1710 anakhala mkulu wa yunivesite ya Halle Stryk atamwalira, ndipo anamwalirira komweko pa 23 Seputembala 1728.

Nanga za chiyankhulo zija ndinayambira? De crimine magiae inalembedwa m'Chilatini, ya Chijeremani inabwera pambuyo. Ndinaseka ndekha mu laibulale nditaona zimenezo. Nalonso pepala langa ndikapereka Lolemba lili m'Chingerezi, ndipo gawo la 1687, lomwe ndinkati likhala mtima wa nkhani yonse, latsala ndime imodzi.